Wailesi ya Apongozi Inalankhula Kumanda

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa kwa zaka, koma poti ku Domasi ndi mbuzi zomwe zikuidziwa, bola ndiinene ndekha ena asanaithire mchere wochuluka. Ndi yamanyazi. Mukafuna kuseka, sekani chapansipansi, chifukwa muli maliro m'katimu.

Munali mu 1996, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ine ndinali mphunzitsi wa sayansi pa pulayimale ina m'chigwa chomwechi, komanso mkamwini m'mudzi mwa akazi anga, cha kwa Malemia. Mkamwini amayenera kuyenda cham'mbali, kutsokomola komwe mwaulemu. Koma ine sukulu inali itandikwera m'mutu. Paliponse ndinkauza anthu kuti mizukwa kulibe.

M'nyumba mwathu munali wailesi ya apongozi anga aamuna, malemu a Likonde. Chinali chiwailesi cha bokosi lathabwa chimene anabwera nacho kuchokera ku Joni. Ali moyo, mkuluyu sankaphonya mauthenga a maliro a nthawi ya nkhomaliro. Ankakhala pansi pa mango, wailesi pamwendo, n'kumagwedeza mutu dzina lililonse likatchulidwa. Wailesiyo inali ndi khalidwe lake. Isanalankhule inkayamba yaimba mluzu, fiiii, kenako n'kutsokomola kawiri, khrr khrr. Mudzi wonse unkaudziwa mluzu umenewo.

Mwini wake atamwalira, nayo inangoti zii. Zaka ziwiri! Mkati mwake munasanduka mudzi wa mphemvu.

Loweruka lina m'mawa akazi anga, make Thoko, anaikoka pansi pa bedi.

"Bambo a Thoko, chinthu ichi chatikwana. Kachiperekeni kwa Che Jafali kumsika."

Che Jafali anali okonza mawailesi pa Domasi. Kwa iwo wailesi yakufa sinkatayika. Apa achotsa sipika, apa kawaya, apa kabatani, n'kukadzutsira mawailesi a anthu ena. Ngakhale mabatire otha ankawasonkhanitsa m'chitini, ati ana ndi mbuzi angamanyambite zoyera zimene amatulutsazo.

"Dikirani ndiyese kaye," ndinatero, poti paja ndine wasayansi.

Ndinatenga mabatire anayi otha kale a mu tochi, ndinawakulunga m'nyuzi, n'kuwamangirira kumbuyo kwake ndi mphira monga tinkachitira masiku amenewo. Ndinapotokola batani mpaka kumapeto. Zii. Ndinaiwomba khofi. Zii.

"Yafa basi. Finish!"

Ndinaikweza pa kaliyala ya njinga momwemo, ndi mabatire ake omwe, ulendo wa kumsika.

Njira yake imadutsa m'mbali mwa manda a m'mudzi. Ndi nkhalango yowirira, ya mitengo imene palibe amayerekeza kuthyolako ngakhale kankhuni kamodzi. Nditangofika pamenepo, chingwe chomangira wailesi chija du! Wailesi pansi. Ndinamanganso. Ndisanapalase kawiri, pansinso. Thukuta linali kamukamu, kumsika kukadali kutali, ndipo anzanga ankandidikira pa bawo.

Ndinayang'ana uku ndi uku. Kunalibe munthu.

Ndinachinyamula chiwailesicho, kuchizunguza kamodzi, n'kuchiponya m'nkhalangomo. Ndinamva chikugunda mtengo, gu, kenako chikugubuduzika.

"Pita kwa eni ako!" ndinatero uku ndikusasa m'manja.

Mawu amenewo ndinadzawakumbukira bwino.

Nditabwerera kunyumba, make Thoko anafunsa, "Mwakapereka?"

"Ndaisiya kwa okonza. Akuti ayesetsa."

Lachiwiri masana, ndikuchokera kusukulu, ndinapeza anthu atazungulira mayi wina amene anathawa kudimba, dengu la tomato atalitaya panjira.

"Kumanda kukulankhula munthu!"

Ndinaseka mokweza kuti onse amve. "Ndi mbalame imeneyo, mayi. Apo ayi ndi njala."

"Aphunzitsi, mbalame imaimba mluzu wa a Likonde? Mbalame imatsokomola kawiri?"



Lachitatu anamva anthu atatu, mmodzi mwa iwo mkulu wa mpingo amene samwa ndi thobwa logonera lomwe. Onse ankanena chimodzimodzi. Dzuwa likafika paliwombo, chithunzithunzi cha munthu chili pansi pa mapazi, kumayamba mluzu. Kenako mawu a mwamuna amatchula mayina a akufa, mmodzimmodzi, mosathamanga. Pakapita kanthawi mawuwo amachepa, amachepa, ngati munthu akutsikira pansi. Njira ija anthu anaisiya. Opita kumsika ankazungulira kumtsinje.

Tikudya, make Thoko anapumira m'mwamba.

"Bambo akudandaula. Kaya tawalakwira chiyani. Mwayi wake wailesi yawo ili kwa okonza, bwenzi anthu akuti tawatayira katundu."

Ndinatsamwa mpaka misozi.

Kunena zoona, ndinachita mantha. Ndipo chimene chinandiopseza kwambiri ndi sayansi yomweyo. Wailesi yoti inafa zaka ziwiri, ine ndemwe ndinaiyesa n'kuiwomba khofi, singalankhule yokha. Ndiye kuti pali amene akuitsegula. Nanga ndani amatsegula wailesi nthawi ya nkhomaliro kuti amve mauthenga a maliro? Ndinati ipite kwa eni ake, ndipo eni akewo anaoneka kuti ailandira.

Lachinayi kunagwa zovuta. Amalume awo a akazi anga, a Sitolo, amene anali mwini mbumba, anamwalira atadwala nthawi yaitali. Achibale anathamanga kukapereka uthenga kuti ulengezedwe pa wailesi. Lachisanu m'mamawa adzukulu okumba manda analowa m'nkhalango muja ndi makasu, motsogozedwa ndi a Matope, bambo amene anakhala akukumba manda kuyambira ine ndisanamere ndevu, osaopapo kanthu.

Nthaka ya Okutobala ndi mwala. Dzuwa linafika paliwombo akukumbabe.

Ife tinali pasiwa, amayi akuimba nyimbo m'nyumba, pamene tinaona adzukulu akutulukira liwiro la mtondo wadooka, opanda khasu ndi limodzi lomwe. A Matope ndi amene anali patsogolo.

"Ife sitibwererako!" anatero akupuma mwawefuwefu. "Waimba mluzu, watsokomola, kenako wati, 'Amwalira a Sitolo a ku Domasi, mwambo wa maliro lero.' Tamva ndi makutu athuwa! A Likonde akulengeza za mlamu wawo!"

Nyimbo m'nyumba muja zinaduka.

"Manda aja akwiya," anapitiriza a Matope. "Alipo walowamo mopanda chilolezo, kapena watayamo chinthu. Mpaka apezeke, khasu sitigwira. Akakhala mwana wa m'mudzi muno, tikamba naye. Akakhala mkamwini, apinde mkeka wake azipita kwawo."

Ponena mawu omalizawo sanayang'ane ine, koma ndinamva ngati anditchula ndi dzina la ubatizo lomwe.

Zinthu zinafika povuta. Ndi kutentha kumene kuja, mtembo sukanadikira mawa. Kuulula, ndiye kupinda mkeka n'kusiya mkazi, mwana ndi dimba langa la mpunga. Ndinaona kuti njira inali imodzi: ndikaichotse wailesiyo mwakachetechete akuluakulu akadakangana.

"Ndikataye madzi," ndinanong'oneza amene ndinakhala naye pafupi.

Ndinazungulira kuseri kwa minda n'kulowa m'mandamo chakumbuyo.

Abale anga, kunja kunkatentha, koma m'menemo munkazizira. Nyenje zimene zinkalira ponseponse zinangoti zii nditangoponda tsamba loyamba. Pa mitumbira panali mbale zobooka, makapu, miphika yosweka, zonse zitayang'ana kumwamba. Ndinkamva kupuma kwanga kokha. Kawiri konse ndinacheuka, chifukwa masamba ankachita tswatswa pambuyo panga ine nditaima kale.

Kenako ndinaiona.

Inali pakampata pamene dzuwa linkalowa pakati pa mitengo. Sinagwe chadodolido ngati chinthu chotayidwa, ayi. Inakhala bwinobwino, itatsamira pa mtumbira. Ndinawerenga dzina pa mtanda wachitsulo. Unali mtumbira wa a Likonde.

Wasayansi uja anagwada. Ndinagwada chapatali monga achitira mkamwini pamaso pa apongozi, ndikuwomba m'manja.

"Pepani bambo. Ndinalakwa. Unali ulesi chabe, sikunali kuderera. Ndangobwera kudzabwereka pang'ono, ndikaipereke kwa Che Jafali."

Ndinakwawa, n'kuinyamula ndi manja awiri. Inali yotentha ngati munthu wa malungo.

Fiiii.



Khrr khrr.

Ndiye mawu aja, pachifuwa panga penipeni: "...mukupemphedwa kuti mubwere msanga. Zonse zakonzedwa kale, akungodikira inu."

"Mayo ine!"

Ndinafuna kuiponya, koma mphira ya mabatire ija inali itakola ku batani la malaya. Ndiye ndinathamanga nayo nditaikumbatira, iyo ikulankhulabe, ine ndikukuwa. Ndinalumpha mtumbira umodzi, ndinalumpha wachiwiri. Wachitatu sunali mtumbira. Linali dzenje la a Sitolo.

Khu!

Dzenjelo linali lofika m'khosi, ndipo phazi linali litabinya. Ndinayesa kukwera, dothi n'kumangogumukira kumaso. M'dzenje wailesi imamveka bwino, ndikuuzeni. Mawu ankachokera mbali zonse zinayi, akutchula akufa a ku Mulanje, a ku Ntcheu, a ku Nkhotakota, ine ndikudikira dzina langa.

"Bambo, mwana akadali wamng'ono! Ndipatseniko zaka zisanu zokha!"

Zomwe sindinkadziwa n'zakuti akulu a mpingo anali atawanyengerera adzukulu kuti abwerere onse pamodzi ndi pemphero. Ndinamva nyimbo ikubwera chapatali, mawu akunjenjemera. Itayandikira inaduka.

"Tsopano alipo awiri," wina ananong'ona. "Winayo akupempha zaka."

Kenako pamwamba pa dzenje panatulukira khasu, pambuyo pake chipewa, pomaliza maso a a Matope.

"Aphunzitsi?"

"Ndine."

"Amoyo?"

"Ndikuganiza choncho."

"Nanga m'manda mwa amalume a akazi anu mukutani ndi wailesi ya apongozi?"

Ndinaulula zonse ndili m'dzenje momwemo, anthu atazungulira pamwamba ngati ndaikidwa kale. Za chingwe, za bawo, ndi za mawu aja ndinanena poiponya.

Pagulupo panali Che Jafali, amene anabwera kudzakhuza maliro. Anagwada, analandira wailesiyo, anaitembenuza, n'kukhudza mabatire.

"Aphunzitsi, batani munalisiya lotsegula. Poigunditsa ku mtengo kawaya kamene kanamasuka kanagwirana. Ndiye mabatire awa, kodi kwanu simuyanika mabatire otha padenga? Dzuwa likawawotcha amadzuka pang'ono, likapendeka amagonanso. Ndimayesa sayansi mumaphunzitsa ndinu?"

Anasolola batire limodzi. Manda onse anangoti zii, ndipo nyenje zinayambiranso kulira.

Woyamba kuseka anali mkulu wa mpingo uja. Anayesa kubisa ndi buku la nyimbo, koma mapewa anamuulula. Posakhalitsa adzukulu onse anali atagwira mitengo, misozi ili mbwembwembwe.

A Matope okha sanaseke.

"Kumanda si kudzala, aphunzitsi. Kuno kumagona anthu. Mbuzi imodzi. Za mkeka tazikhululuka, chifukwa mantha amene mwaona akukwanirani."

Ndinathokoza n'kutambasula dzanja kuti andikoke. M'malo mwa dzanja anandipatsa khasu.

"Poti mwalowamo kale, malizani. Patsala mpaka pamutu."

Ndinakumba ndi phazi lobinya, taye ya pamaliro ili m'khosi. A Sitolo anaikidwa dzuwa lisanalowe. Wailesi inapita ndi Che Jafali, ndipo ndinamva kuti sipika yake inakadzutsa wailesi ya munthu wina kufupi ndi Domasi Mission.

Koma mlandu weniweni unkandidikira kunyumba. Make Thoko sanakalipe. Anatenthetsa madzi, anandikhazika pampando, n'kuyamba kundithowa phazi mwachifundo chonse. Chete ameneyo anandiopsa kuposa wa kumanda.

"Bambo a Thoko."

"Ee, mayi."

"Paja munati wailesi mwaisiya kwa okonza?"

"Ndinatero."

"Munati ayesetsa?"

"Ee."

Anafinya kansalu pang'onopang'ono, n'kukaika pa phazi.

"Ayesetsadi. Koma ine ndikadzadwala, chonde, musadzanditengere kwa okonza anuwo."

Chakufa chilichonse chili ndi manda ake, ndipo a wailesi ali pa tebulo la Che Jafali.