Sikobi wa Apongozi Anga Anakwera Basi ya ku Nakonde

Amene akuti ndine wabodza asiye nsolo, aimirire, anene pamaso panga. Inu a Tembo, ndakuonani mukutsinzinira mnzanu. Ine Sakala ndayendetsa malole mpaka imvi osagunda ngakhale nkhuku, ndiye lero ndiname chifukwa cha tiyi? Khalani pansi mumve mmene ndinalerera chilombo kuno ku Chelstone.

Mukudziwa kuti ndimakhala kwa mwana wanga Yohane chimwalirireni amayi ake. Mkazi wake, apongozi anga, ndi Mbemba wa ku Kasama, ndipo amafulula chakumwa chotchedwa kombucha n'kumagulitsa kwa azimayi olemera a ku Kabulonga. Si mowa, si thobwa, si munkoyo. Ndi tiyi wowawasa, ndipo pamwamba pake pamayandama chinthu choterera, chotuwa, chophwatalala ngati mbale, dzina lake sikobi. Ndinafunsa Yohane ngati ndi nyama kapena bowa, iye akuti ndi chamoyo basi. Chamoyo chopanda maso, chopanda kamwa, koma chimadya shuga! Mpaka lero mutu wanga sunagwire.

Tsono kunagwa maliro ku Kasama, onse awiri n'kumanga ulendo. Yohane anandikokera pambali: "Atate, munaotcha ketulo, munathyola geti. Mukaononganso ichi, mubwerera ku Katete." Ku Katete, kumene ndilibe ngakhale khasu! Apongozi nawo anagwada kutali, pakhomo, maso pansi monga mwa ulemu, n'kumauza chitseko m'malo mouza ine: "Ba tata, pa Sondo muipatseko tiyi. Botolo ni ya gilasi chabe, tiyi yakuda yopanda mkaka, shuga kapu imozi, supuni ya mtengo, pamwamba kansalu komangirira na labala, osati chivundikilo." Ananenanso china chomaliza, chachikulu ndithu, koma n'kuti ine ndikuwerengabe zala, ndili pa supuni. Mukumva? Munthu wamkulu angauze mpongozi wake kuti tabwerezani? Ndinangoti, "Eya mayi," iwo n'kunyamuka.

Lamlungu ndinaphika tiyi, ndinathira shuga, n'kumpatsa mlendo wanga monga tiyi amapatsidwira kwathu, wotentha bwino, wofuka nthunzi. Lolemba, kaya linali Lachitatu, kaya masiku awiriwa anabwera limodzi, ndinapeza sikobi atadzaza botolo, ndinamsamutsira m'ndowa, ndowa inang'ambika, ndinamuika mumgolo, mgolo unaphulika, ndiye ndinamsenza pamutu kukamponya m'thanki ya madzi, ndipo pofika masana mipopi yonse kuyambira Chelstone mpaka Avondale inkatulutsa kombucha, azimayi akuchapira kombucha, amakaniko akutsukira injini kombucha, ansembe akubatiza ndi kombucha, khanda lina n'kugeya dzina lake lisanatchulidwe. Mukuseka chiyani? Funsani mkazi wanu chifukwa chake malaya anu amazunguliridwa ndi njuchi.

Shuga atatha m'mashopu onse, njala inamuwawa, anatsika yekha m'thanki, anatulukira pageti ndinathyola lija, n'kulunjika mumsewu waukulu wopita m'tauni, ine pambuyo ndi supuni yamtengo, kansalu ndi labala, poti ndinkakumbukira kuti chivundikiro n'choletsedwa. Anakwera minibasi, kondakitala n'kumulipiritsa mipando inayi, tayala litaphulika panjira iye anatsika n'kudzikulunga pagudumu, natifikitsa m'tauni mofewa kuposa tayala la m'sitolo, ndipo pa Intercity oitanira mabasi anamulimbirana, wina akukokera ku basi ya ku Chipata, wina ya ku Livingstone, wina ya ku Kitwe, iye kumangotanuka mpaka anaphimba siteshoni yonse, moti mvula imene inagwa tsiku limenelo sinanyowetse munthu, ngakhale sindikukumbuka bwino ngati inali nthawi ya mvula.

Ndinagwada pakati pa katundu wa anthu, ine munthu wamkulu, n'kumchonderera kuti tiye kunyumba, ukundipititsa ku Katete. Anandiyang'ana. Musandifunse kuti ndi chiyani poti maso alibe, koma anandiyang'ana, kenako n'kukwera basi ya ku Nakonde, kumalire a Tanzania. Ndikumva kuti ku Tanzania anakwatira.

N'chifukwa chake botolo linali lopanda kanthu. Zoti ndinamthira tiyi wobwadamuka, iye n'kufera pomwepo, n'kuda, n'kununkha, ine n'kukamkwirira pansi pa mpapaya, amanena ndi adani anga. Akuti chomaliza chija chimene apongozi anauza chitseko chinali choti tiyi azizire kaye. Azizire! Inu a Tembo, mungampatse mlendo tiyi wozizira?

Linafika Loweruka, apongozi ali pafupi kubwera. Ndinapita kogulitsa nyama, ndinagula chifu cha ng'ombe, ndinachichapa mpaka kuyera, ndinachidula mozungulira potsata mbale, n'kuchiyandamitsa m'botolo muja. Kansalu pamwamba, labala. Ndikukuuzani zoona, chinafanana ndi sikobi kuposa mwini wake.

Atabwera, apongozi anavundukula kansalu. Anayang'ana nthawi yaitali. Ananunkhiza. Yohane ali chilili pambali, manja m'chiuno: "Zili bwanji?" Ine mtima unali utakwera kale basi ya ku Katete.

"Ba tata basunga bwino maningi," anatero apongozi. "Yakula na kukula."

Sanandiyang'ane n'komwe. M'mawa mwake anapita kwa mnzawo ku Woodlands kukapempha sikobi wina mwakachetechete, anataya malonda a sabata ziwiri, osadandaula kwa munthu. Manyazi amene ndinamva, ngakhale bodza langa silingawanyamule.

Koma tsiku lofikalo, pa chakudya chamadzulo, Yohane anapatsidwa nyemba. Kenako apongozi anagwada patsogolo panga ndi mbale yovundikira: "Ba tata, iyi ni yanu mweka." Ndinavundukula. Chifu chija, chozungulira, chathunthu, chophikidwa mu tiyi wake yemweyo, ndi shuga kapu yonse.

Ndinadya chonse, a Tembo, msuzi womwe ndinamwa, misozi ikugwera m'mbale, Yohane akudandaula kuti bwanji nyama apatsa atate okha. Ku Katete sindinapite. Ndipo amene akuti chifu chimenecho sichinali chokoma, asiye nsolo, aimirire.