Tsiku Limene Kaseti Inavomera Chifuwa cha Amayi Rozina

Mpaka lero ndikakumbuka nkhaniyi mtima umawira, ndipo amene ndimamukwiyira kwambiri ndi ine ndemwe.

Zinali zaka zija abale athu othawa nkhondo ku Mozambique atadzaza midzi ya kumtunda kwa Malindi. Mmodzi mwa iwo anali amayi Rozina, otsogolera nyimbo m'kwaya yathu: iwo ankayamba, ife n'kumavomera. Atadwala anatumiza uthenga kuti kwaya ikawayimbire kuphiri kumene ankakhala, poti abale awo onse anatsala kwawo. Abale awo kuno tinali ife.

Ine, tcheya wa kwaya, ndinali nditangogula wailesi ya kaseti. (Ambuye andikhululukire, ndinkaifunditsa nsalu yabwino kuposa ya paguwa.) Ndinauza anzanga kuti, "Mukwereranji phiri ndi matope onsewa? Imbirani umu, ndikawapatsa ndine."

Ulendo woyamba amayi Rozina anamvera pang'ono, n'kufunsa, "A tcheya, udzudzuwu mwautsekereranji m'chitini? Besi ili kuti?"

Munthu woopa Mulungu akanalapa pomwepo. Ine ndinaumitsa mtima ngati Farao. Ndinapita kwa wokonza mawailesi wina ku boma, amene anandilumbirira kuti sipika ikakhala pakamwa pa mtsuko imamveka ngati tchalitchi chodzaza. (Wabodza ameneyo, ngati akali moyo, moto ukumudikira.) Ndinakwera phiri nditasenza mtsuko, amayi ochokera kumjigo akundifunsa ngati mkazi wanga anandithawa.

"Tsopano udzudzu uja wagwera m'chitsime," anatero odwalawo. "Komanso akuyamba nyimbo yangayo ndani? Ndafa kale ine?"

Ndinatsika nditakwiya, koma osagonja. Ndinajambula ovomera okhaokha, n'kumasiya mpata woti mwini nyimbo aziyamba yekha. Nditafika amayi Rozina anadzuka, anatsamira khoma, n'kuyamba ndi mawu onjenjemera. Asanafike pakati chifuwa chinawagwira. Mtsuko sunadikire ayi, unangovomera mosangalala: "Aleluya!" Anakhosomolanso, misozi ili mbwee. "Aleluya!"

"Zimitsani chimenecho!" anakalipa atapeza mpweya. "Anzanga amandiyang'ana pakamwa, ndikapuma nawonso amapuma. Ichi pakamwa chili napo, makutu chilibe. Ine ndinathawa mfuti wapansi, mapiri osawerengeka, inu kakulakani kaphiri aka? Chabwino. Dikirani maliro anga, mudzakwera ndithu."

Lamulungu lotsatira tinakwera tonse, matope mpaka m'mawondo, anzanga osandilankhula njira yonse. Nyimbo imodzi inatalika ngati ulaliki, chifukwa ankaima kuti akhosomole, ife n'kukhala chete mpaka ayambirenso. Besi ya bambo Yohane a m'kwaya yathu inkanjenjemeretsa chitseko cha mapesi. Amayi Rozina anayimba zitatu, kenako anapempha phala, koyamba sabata yonseyo.

Ndinaphunzira kuti wodwala sitimutumizira mawu, timamupitira ndi miyendo. Komabe nthawi zina Satana amandinong'oneza kuti mpata uja ndikanautalikitsa pang'ono chabe, zikanatheka. Ndipo sindibisa, abale, ndimamuvomera.