Ka "Si" Kamene Kanagwa M'khoti Mwanga

Anzanga, usiku wathawu ndinalota zondiswa mtima. Paja mukudziwa kuti Lolemba ndikaonekera ku komiti yoona za oweruza, poti ena akuti makutu anga anatha ntchito, ndiyenera kutula pansi udindo. Ine ndakhala ndikukana kwamtuwagalu.

Ndiye kumalotoko ndili m'khoti mwanga momwe, koma ndaima poima oimbidwa mlandu, nditavala wigi ndi kabudula. Wapampando wa komiti anatsokomola kamodzi, mwadzidzidzi n'kusanduka mleme, makutu ngati zipande. Mlembi wake anali atasanduka kale nkhuku, akupalasa pansi.

"A Kadzakumanja, mumamva bwino?" unafunsa mlemewo uli chadodolido kudenga.

"Ayi, chaka chino sindinakolole," ndinayankha. Khoti lonse linaseka, koma ine ndinkangoona mano.

Ndiye wigi yanga inadumpha n'kukakhala pampando wa mboni. "Bwana, ine ndatopa kuphimba makutu a akuluwa. Akapanda kumva amangogwedeza mutu n'kulemba."

"Iwe, tadya limodzi zaka zonsezi!" ndinaikalipira, koma siinanditembenukire n'komwe.

Mwadzidzidzi nkhuku ija inafukula kanthu pansi pa tebulo langa. Kanali kamawu kakang'ono, ka "si", fumbi lokhalokha, kakulira ngati mwanapiye.

"Ine ndinatuluka m'kamwa mwa Tsokalida, uja wa mlandu wa mbuzi," kanatero. "Iye anati 'sindinabe.' Ndinagogoda pakhutu panu, inu osatsegula. Munangolandira anzanga otsalawo, n'kulemba kuti wavomera."

Ndiye makoma anasungunuka, tili kundende, Tsokalida akuthirira kabichi, ataonda zomvetsa chisoni. Ndinakatola ka "si" kaja kuti ndimubwezere. Iye anakayang'ana n'kunena mwaulemu, "Sungani, bwana. Mkazi wanga anakwatiwa kale kwina."

Mawu amenewa ndinawamva onse bwinobwino, ndipo manyazi anandigwira, misozi ili chuchuchu. Ndinatembenukira mleme uja kuti ndifuule, "Sindikumva! Ndichotseni!" Koma ka "si" kanapulumuka m'manja mwanga n'kuthawira m'kabichi, pakamwa panga n'kungotuluka, "Ndikumva!"

"Mwamva nonse, akumva," unatero mlemewo. "Abwerere pampando. Lowetsani wotsatira."

Ndinadzidzimuka ndi kulira kwa udzudzu, n'kudzimenya mbama. Mayi akunyumba anawerama n'kukuwa m'khutu mwanga.

"Mukudzimenyeranji, bambo? Si udzudzu umenewo, ndi hutala ya dalaivala wanu. Yadzutsa kale aneba onse."