Kabaji ka a Kontolo

Linali Lachisanu, dzuwa likupendeka, ine ndili chogwada pansi pa tebulo la ekisire, lojambulirapo mafupa, chikolopa kumanja, ndowa kumanzere, thukuta lili kamukamu. Pachipatala cha mishoni chimene ndinkagwirapo, Sabata likamayandikira palibe zoti ndimaliza mawa, ndipo ine kudikira ndi kuzengereza sindinabadwe nako. Tsono kabaji kanga kaja kankangolendewera pachifuwa, ndikawerama kagunda ndowa, ndikadzuka kakola chikolopa. Ndinati aaa, kandichedwetsa aka, ndikukavula, ndikukaika m'mphepete mwa tebulo kuti ndikatenga ndikamaliza.

Ndiyambe ndakuuzani za kabajika, anzanga. Ine ndinathyola tiyi zaka zambiri, dengu kumsana, mvula ndi mame zonse zanga. Nditakula kale ndinalowa sukulu ya kwacha ku Masambanjati, ndipo nditayamba kutha kuwerenga mayina anandilemba ntchito m'chipinda chojambulira mafupa: kukolopa, kuitana odwala ndi kuwagwirizira pojambula. Ntchito yapamthunzi! Ndinalumbira kuti iyi yokha ayi, sindiitaya.

Bwana wanga anali a Nakhumwa, munthu wofatsa, wamagalasi. Tsiku loyamba anandipatsa kanthu konga bokosi la machesi, kolembedwa dzina langa.

"Mayi Likwata, cheza cha makinawa sichioneka, sichinunkha, koma chimalowa m'thupi. Kabajika ndiye mboni yanu, kamasunga cheza chimene mwalandira. Wopanda kabaji m'chipinda muno salowa."

Anati mwezi ukatha mabaji onse amapita kutali kukawerengedwa, manambala akabwera iwo amawapyoza m'masamu awoawo, amene anawakonza okha miyezi yambiri, chifukwa makina athu anali akale ndipo masamu obwera ndi mabajiwo sankagwirizana nawo. Anandionetsa pepala lake pakhoma, uku nambala ya kazenera ka pakabaji kotseka ndi mkuwa, uku ya kazenera kosatseka, kuchotsera apa, kuchulukitsa apo. Ankalinyadira ngati mwana woyamba. Anali asanamalize, ine ndinati, "Ndamva bwana, madzi anga akuzizira," ndikutuluka. Mukumbukire pamenepo.

Lolemba m'mawa ndikuti ndivale kabaji, palibe! Ndinasesa, ndinasuzumira, ndinakhuthula ndowa, ndinapita mpaka kudzala. Zii. Ndinayamba kudziona ndabwerera kumunda dengu lili kumsana, anzanga akale akundifunsa kuti, "Bwanji adokotala, mwabwera kudzationa?"

Ndiye ndinakumbukira. M'dilowa ya muofesi, imene ndinkapukuta fumbi tsiku ndi tsiku, munkakhala kabaji kena, katsopano bwino, kopanda chikanda. Dzina lake linali lolembedwa Chingerezi, koma ine wophunzira ndinaliwerenga ndekha, lemba ndi lemba, mpaka linatuluka: Kontolo. Bambo ameneyu ndinali nditamukwiyira kale. Miyezi isanu ndili pantchito, sindinamuonepo ngakhale chipewa chake! Anthu tikuthyoka misana, iye kabaji kali m'dilowa, mwina ali ku Changata akugulitsa nthochi. Ndinati a Kontolo, popeza simubwera, mundibwereke.

Kodi kubwereka n'kuba? Kusukulu ya kwacha aphunzitsi anatiphunzitsa okha: zitatu kuchotsapo zisanu ndi zinayi, sizitheka, tibwereka kwa mnansi. Ine ndinangotsata maphunziro.

Ndinakavala dzina litayang'ana kuchifuwa, poweruka ndikukakoleka pamsomali wanga litayang'ana kukhoma. Mwezi wathunthu! Ndinagwirizira nako ana othyoka manja, agogo achifuwa, bambo wina amene anagwa pa thirakita ya ku esiteti. Kanagwira ntchito kuposa mwini wake. Tsono chinthu chobwereka sabweza chili chakuda, si choncho? Ndinakachapa ndi sopo, ndikukayanika pachivundikiro cha mbaula ya kochapira kuti kaume msanga, chifukwa dzuwa limachedwa.

Ndipo taonani mwayi: tsiku lomwelo lotolera mabaji, ndikukankha tebulo kuti ndikolope kuseri, kanthu kanagwa kuchokera m'kampata ka m'mbali mwa tebulo. Kabaji kanga! Kanali katagona pamenepo mwezi wonse, pamene makina amalavulira cheza chake. Ndinavina ndekha m'chipindamo. Ka a Kontolo ndinabweza m'dilowa, kanga pamsomali, nkhani yatha, palibe wadziwa.

Patapita masabata angapo ndinapeza a Nakhumwa atagwira mutu, mapepala ali mbwee patebulo, tiyi wawo atazizira.

"Bwana, kwagwanji?"

"Mayi, masamu anga apenga. Ine, adokotala ndi anamwino tonse tatuluka pansi pa ziro. Ndiye kuti m'malo molandira cheza, ifeyo ndi amene takhala tikuwalira makinawa."

"Nanga ine?"

Anavula magalasi ndikundiyang'ana ngati akuona maliro akuyenda. "Inu mukumva bwanji m'thupi? Tsitsi silikuthothoka? Simukusanza?"

"Ine? Dzulo ndalima mizere makumi awiri nditaweruka."

"Nambala yanu ndi ya munthu amene wagona pansi pa makina mwezi wonse."

Apa munthu wanzeru akanaulula. Ine ayi. Ndinati mwina mwalakwitsa pochulukitsa, bwana, tabweretsani ndione, ifenso masamu tikuphunzira. Tangoganizani! Munthuyo anachotsa pepala lake pakhoma, anayambiranso masamu onse, kawiri, katatu, pensulo mpaka kutsala kachidutswa. Anayamba kukayika kazenera ka mkuwa, anakayika makina, anadzikayika yekha. Ine anandikoka magazi, amayi akutchalitchi anabwera kunyumba kudzandipempherera atanyamula mapeyala, ine ndili gone pamphasa kuyesera nkhope ya wodwala, m'mimba muli njala ya munthu wamoyo. Kenako akuluakulu analamula kuti makina atsekedwe kufikira atabwera odziwa, mwina akutayikira cheza.

Chimene chinandithyola ndi mayi wina wa ku Nchilamwela, wothyola tiyi ngati mmene ndinalili ine, amene anaterereka pamtsetse mwendo ndikukhota. Anamuuza kuti kuno sitijambula, apite ku Blantyre. Ndinamuona akumukweza kumbuyo kwa galimoto, akulira mu Chilomwe, msewu wake umenewo wa mabampu. Ndinasiya chikolopa pomwepo, ndinalowa muofesi osagogoda. Munali a Nakhumwa ndi amayi oyang'anira anamwino.

"Bwana, ndabwera kudzaulula, koma mlanduwu tigawane ndi a Kontolo."

"Ndani?"

"A Kontolo, a m'dilowa. Akanakhala munthu wobwera kuntchito ngati anzake, kabaji kawo akanavala okha, ine sindikanabwereka. Muwaitane, ndiwauze pamaso."

Kenako amayi aja anayamba kunjenjemera mapewa, anagwira pakamwa, anatuluka panja, ndipo ndinawamva akuphulika kukhonde. A Nakhumwa sanaseke. Anatsegula dilowa pang'onopang'ono.

"Mayi Likwata, Kontolo si munthu."

"Nanga n'chiyani, mzungu?"

"Ndi kabaji kosavala aliyense. Kamakhala kutali ndi makina kuti kasunge cheza cha chilengedwe, cha m'nthaka ndi cha paulendo, chimene mabaji onse amalandira. Nambala yake ndi imene ndimachotsera kwa aliyense ndisanayambe masamu ena onse. Ntchito yake ndi yomweyo, kukhala m'dilowa."

"Kungokhala basi?"

"Kungokhala basi. Ndinkafuna kukuuzani tsiku loyamba, munati madzi akuzizira."

Mayo ine! Munthu mmodzi yekha pachipatala chonse amene ankagwira ntchito yake molondola pongokhala phee, ine ndinakamutulutsa, ndikumugwiritsa ganyu mwezi wathunthu. Nditanena zoti ndinakachapanso ndikukayanika pambaula, a Nakhumwa anakhala pansi ndikupempha madzi akumwa.

Makina anatsegulidwa mawa lake. Pepala la masamu linabwerera pakhoma, linalibe cholakwa chilichonse, ndipo pansi pake anawonjezera mzere wa Chichewa, malemba akuluakulu oti ngakhale wa sukulu ya kwacha asaphonye: KONTOLO SI MUNTHU, SABWEREKETSA.

Ntchito sanandichotse, Mulungu ngwabwino. Koma popeza panalibenso wodziwa cheza chenicheni chimene ndinalandira mwezi umenewo, anati ndiyambe ndapuma kuchipindako, ndipo ananditumiza kochapa zofunda miyezi itatu, manja m'madzi ozizira a mwezi wa Juni, pafupi ndi mbaula yanga yomwe ija. Mayi wa ku Nchilamwela ndinakamuona ndi nkhuku, ndikumulimira dimba lake mpaka anayamba kuponda. Anandikhululukira, koma ataseka mpaka kugwira mwendo.

Kuyambira pamenepo munthu akamandifotokozera chinthu ndimamvera mpaka amalize, madzi azizire, aume, zawo zimenezo. Ndipo kubwereka ndinasiyira masamu okha. Koma dzina ndiye silinachoke. Mpaka lero ndikamadutsa pamsika, ngakhale mwamuna wanga ali pambali panga, amayi ogulitsa tomato amakuwa, "Mwaswera bwanji, akazi a Kontolo? Abambo akadali m'dilowa?"