Tambala wa Napolo

Amene akuti tambala wangayu aphedwe chifukwa akumudzutsa mamawa, aimirire ndimuone nkhope. Khalani pansi, anyamata inu. Mwafika dzana lomweli kuno ku Masiphumelele, komboni ya ku Kepi, fumbi la pa Mwanza lidakali kumapazi, ndiye mundiphunzitse ine a Namakhwa za nkhuku? Tambala ameneyu ali ndi mwini wake, ndipo mukamva dzina lake musowa kothawira. Ngati ndiname, mphezi indipeze pampando pompano.

Mkazi wanga Esinati ali ku Phalombe. Ine kumeneko ndine mkamwini, ndipo mkazi sungamutenge chitengwa eni mbumba asanalole. Ndinapempha, ndinatuma ankhoswe, yankho limodzi lomwelo: tiyambe taona kumene mwana wathu akakhale. Koma amalume ake miyendo inatha, ulendo wa basi sangauthe. Nanga anthu a patsinde pa phiri la Michesi akasowa womutuma amatuma ndani? Neba wawo. Napolo mwini wake, chinjoka cha pansi pa phiri, chija chikati chisamuke chimakokolola miyala, mitengo ndi milatho ngati zinyalala za pabwalo.

Sanakwere basi, sanadinditse pasipoti. Anangoboola pansi, kudutsa kunsi kwa Zambezi ng'ona zikumva kutentha kumimba, kupyola m'migodi ya ku Joni amuna akuponya mafosholo n'kuthawa, mpaka kudzatumphukira ku Noordhoek, pakati pa kapinga wa bwana wanga amene ndinali nditangomutchetcha kumene, mutu uli pageti, mchira udakali pa Beitbridge akuufunsa mapepala. Mukumva? Agalu a bwana anakomoka, mahatchi a kugombe anathawira m'nyanja, koma ine ndinavula chipewa, kunjuta, kuwomba m'manja n'kunena kuti agogo, mwayenda bwanji.

Pambali pa dziwe losambira la bwana pali chosema cha simenti, mulungu wa nyanja wa azungu akale, wandevu, wogwira chifoloko. Napolo anamupatsa moni ngati mnzake wa ntchito imodzi, uyo duu. Anabwereza, duu. Mkuluyo anapsa mtima, akuti milungu ya kuno ndi yamwano, agumule phiri lonse likwirire Noordhoek, ndiye ine ndinamudumphira pakhosi, tinagwirana, tinagubuduzana kuchoka pamenepo mpaka pamwamba pa phiri lalitali lophwatalala lija, iye akupuma mphepo yozula madenga a ku Dunoon, ine ndikuwakha m'malere ndi dzanja limodzi n'kumawabwezera pa nyumba zake, ndipo ludzu litamugwira anapapira nyanja mpaka sitima zinakhala pamchenga, nsomba zikuyenda wapansi kufunafuna madzi, ine n'kumufinya pamimba kuti alavule yonse. Mtambo mumauona utayala paphiri uja ndi thukuta lathu, silinaumebe. Funsani aliyense.

Atatopa anaseka, nati mphamvu ndili nazo, mwana wawo sangagone ndi njala. Ndinamupinda ngati payipi yothirira maluwa, kumulowetsa mu takisi, mpaka kuno. Nkhawa yanga inali pa nyumba, chifukwa kanyumba kanga ka malata mukukaona, mphepo imalowa osagogoda. Iye anangoti nyumba si kanthu, iyenso amagona kuuna. Mayeso onse ndinali nditakhoza. Chinatsala n'chakudya basi.

Apa ndiye pakamwa pamandilemera. Inu nonse munaleredwa, mukudziwa. Mlendo wolemekezeka umamugwirira nkhuku yamoyo, umamuonetsa ikuphupha, aione ndi maso ake, kenaka ikaphedwe, ndipo nthutumba imakhala m'mbale yake. Ikasowa nthutumba, ndiye kuti mlendoyo mwamutukwana. Mwana wa zaka zochepa amadziwa zimenezi. Koma ine, munthu woti ndagonjetsa Napolo masana dzuwa likuswa mtengo, Kepi anali atandilowa m'mutu. Ndinathamangira ku sipaza, kagolosale ka m'komboni muno, n'kukatenga nkhuku ya mufiriji, youma gwa ngati njerwa, yopanda mutu, yopanda miyendo, yosadziwika kwawo.

Itasungunuka ndinapisa dzanja m'kati. Mbee! Mulibe chiwindi, mulibe nthutumba, mphako yokhayokha. Thukuta loposa la pomenyana paja linatuluka pamenepo. Ndinabwerera ku sipaza chothamanga, mwini sitolo n'kunditulutsira chipaketi cha nthutumba zokhazokha, poti kuno amagulitsa padera. Ndiye nzeru zanga zopusa zinati, ngati imodzi ndi ulemu, zambiri ndi ulemu woposa. Ndinakhuthulira zonse mumphika.

Ndinamuikira mbale yovindikira bwinobwino, ine n'kukhala pansi chapakhomo. Anavundukula. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kutembenuza ndi nsonga ya lilime, nthutumba pamwamba pa nthutumba. Kunja mphepo inaleka, ana analeka kusewera, ngakhale wailesi ya aneba inazima yokha. Kenaka anayankhula motsitsa, mawu oti sangadzutse khanda.

"Mkamwini, nkhuku iyi ine sindinaione, nayonso sinandione. Ndipo kwathu nkhuku imodzi imakhala ndi nthutumba imodzi. Wonamiza mlendo pambale, mwana wathu adzamuuza zoona?"

Ndinafuna kufotokoza za mafiriji, za masitolo a kuno, koma iye sanandipatse mpata. Anavindikira mbale ija osalawa ngakhale msuzi. Anati tsiku limene ndidzakhale ndi nkhuku yoti ndingamuonetse, adzabweranso. Ndipo Napolo, amene sachoka pamalo osagumula kanthu, anatuluka mwakachetechete ngati akuopa kudzutsa wodwala, osagwetsa ngakhale supuni. Kunali bwino akanandigwetsera nyumba, anthu akanandimvera chisoni. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo sindinawachitepo chibadwire, ndipo mpaka lero ndikadutsa pa firiji ya sipaza ndimayang'ana kumbali.

Ndikuwaona a Mbewe apo akumwetulira. Iwowa amauza anthu kuti mlendo wanga anali mkulu wina wowonda, wa jekete lotuwa, mng'ono wawo wa amalume a Esinati, amene anatsika basi ndi kachikwama n'kubwerera m'mawa mwake. Asiyeni, maso ndi awo. Jeketelo mwina linalipo, sindinayang'anitsitse. Koma mbale ija inabwerera yodzaza, zimenezo ngakhale a Mbewe sangatsutse, poti anathandiza kudya ndi iwo.

M'mawa mwake ndinakagula kamwanapiye. Ndi uyu mukumuda lero, lipombo lagwera mbali imodzi, nthenga za kumchira zayamba kuthothoka. Ndimagona naye m'nyumba kuopa akuba, amadya ine ndisanadye, ndipo ali ndi nthutumba imodzi, yakeyake. Esinati akandiimbira foni safunsa za ntchito, safunsa za mphepo ya kuno. Amangoti, "Bambo, tambala uja akadalira?"

Ndiye alire. Tsekani makutu ndi mapilo, kadandauleni kwa mwini malo, koma mpeni pakhosi pake sufika mwini wake asanamuone. Tsiku limene adzasiye kulira, ine ndidzamuyankha chiyani mkazi wanga?