Mafuta Ofiira Pakamwa pa Dalitso

Mpaka lero ndikamadutsa pa msika wa ku Matero ndimayenda choweramira, chifukwa amayi ogulitsa tomato amandidziwa ndi dzina loti "uja anakuwa".

Ndinali nditangopeza ntchito yosokerera mabatani pa shopu yosoka mayunifomu. Eni ake, ba Chanda, anandilola kumabwera ndi mwana wanga Dalitso, wa miyezi isanu ndi itatu. Pafupi ndi ine pankakhala ba Mujinga, mayi wachikulire wa ku Kasai, m'dziko la Congo.

Nditawauza alamu anga a ku komboni ya George za ba Mujinga, anaomba m'manja. "Ba Kasai? Mulamu, samala! Baja bamadya nyani, njoka, vonse. Mwana wonenepa so, osamusiya nabo!"

Mantha anandigwira. Ba Mujinga akandipatsa madzi, ndinkati ndamwa kale. Akamuimbira Dalitso m'chinenero chawo, ine ndinkapemphera chamumtima. Ngakhale kuchimbudzi ndinkapita naye kumsana (musaseke, chitseko chake n'chopapatiza, tinkalowa chammbali).

Tsiku lina ba Chanda anandituma kukapereka mayunifomu kusukulu yapafupi. "Mwana musiye, zuba yanyanya," anatero. Ine kukana munthu wamkulu sinditha. Ndinamugoneka pa nsalu, ndipo ulendo wonsewo ndinathamanga, katundu ali pamutu.

Pobwerera ndinamupeza ali pamiyendo pa ba Mujinga. Milomo yake inali yofiira, chibwano chofiira, mpaka malaya pachifuwa.

"Magazi! Mayo, mwana wanga!"

Ine amene sindiyankha n'komwe moni mokweza, ndinakuwa mpaka makina onse anaima. Ndinamutsomphola mwanayo, ndinagunda chitini cha mabatani, n'kuthawira mumsika. Anthu anandizungulira. Ena anayamba kufunsa kuti mfitiyo ili kuti, wina anatola mwala. Apa ndinaona kuti mawu anga akhoza kuphetsa munthu.

Mayi wina wa tomato anapukuta chibwano cha Dalitso ndi chala, ananunkhiza, kenako ananyambita.

"Iwe mukazi, aya ni mafuta ya chinkondya! Ndiye vamene watisiyisila malonda?"

Ba Mujinga anafika akupuma wefuwefu, patapata imodzi kuphazi, mbale ili m'manja. Munali chigwada chosinja, chophikira mafuta ofiira a mgwalangwa aja. Mwana analira ndi njala ine nditachoka, iwo n'kumugawira chakudya chawo chamasana. Dalitso ataona mbaleyo anayamba kuphiriphitha, manja ali kwa iwo. Msika wonse unafa nacho chiseko. Mwala uja unagwa pansi mwakachetechete.

Ku shopu ba Chanda sanaseke. "Pano tili na Balozi, Babemba, Bakongo. Ngati uyopa bantu, nkala kunyumba. Sankha."

Ndinagwada pamaso pa ba Mujinga, mabatani akundibaya m'mawondo. Ndinawapepesa ndikulira.

"Nyamuka, mwana wanga," anatero. "Nabala bana sikisi, bonse bakulila pa mbale iyi. Kabapende, palibe wamene ninadya."

Ntchito sinandithere, koma mabatani ndinatola masana onse. Chilango chenicheni chinabwera kunyumba: Dalitso anayamba kulavula phala langa. Popanda mafuta ofiira satsegula pakamwa. Ndiye Lolemba lililonse ndimapita ndi kabotolo kwa ba Mujinga, maso ali pansi, iwo n'kumafunsa mokweza kuti, "Wabwela kutenga magazi?"

Alamu anga aja analawako tsiku lina. Tsopano timabotolo ndimatenga tiwiri.