Belu Lomwe Linadula Mawu a Tcheyamani

Mpaka lero ndikamva belu masana, ndimakumbukira zomwe zinandigwera. Zinandichitikira pa esiteti ina ya tiyi ku Mulanje, kumapeto kwa ulamuliro wa chipani chimodzi, ndili kalaliki wodzimva chifukwa kompyuta ndinkaidziwa ndine ndekha.

Mzungu woyang'anira fakitale anandituma kulemba pulogalamu yoliza belu lamagetsi loitanira antchito ku chakudya. Anandipatsanso pulogalamu ina, yochokera kwa mlamu wake wa ku yunivesite, yoyesa mapulogalamu anzake ndi masamu. Umaiuza zomwe pulogalamu yako iyenera kuchita, iyo n'kumafufuza mzere ndi mzere ngati mphunzitsi wovuta, mpaka itatsimikiza kuti mulibe cholakwa. Ine ndinaiuza chinthu chimodzi: ikakwana thwelofu, belu lilire. Inandibweza kangapo, kenako inavomera. Ndinazungulira fakitale yonse kulengeza kuti ntchito yanga singalakwe (ngakhale kuliyesa belulo ndinakana, ndimvekere kuyesa n'kwa anthu okayika).

Tinalilumikiza tsiku lomwe a Tcheyamani a chipani m'boma lathu anabwera kudzatilankhula, kuti awone chitukuko. Anafika mochedwa. Othyola tiyi anali atakhala padzuwa kuyambira m'mawa, mbale zawo atazibisa m'zitenje.

"M'dziko muno," anatero a Tcheyamani pa chimkuzamawu, "mulibe munthu wanjala."

Belu linalira pomwepo.

Anthu anadzuka onse, mbale m'manja, liwiro la kukhitchini. Otsala anali amayi ovina a chipani okha, nawonso maso ali komweko. Belulo silinasiye. Apa m'pomwe ndinakumbukira kuti ndinatsimikizitsa zoti lilira, koma zoti lisiye sindinazitchule. Ndinathamangira ku ofesi, n'kupeza chitseko chokiya (makiyi anali m'thumba mwa Mzungu uja, amene anali atakhala kutsogolo, ataweramitsa mutu). Ndiye ndinathimitsa magetsi onse. Belu linakhala chete, chimkuzamawu nachonso. A Tcheyamani anangotsala akuyasama.

Ayufi awiri, anyamata a chipani, anandigwira lamba n'kundikokera kwa iwo.

"Wakutuma ndani?" anandifunsa a Tcheyamani.

"Palibe, bwana. Masamu anatsimikiza kuti makinawa salakwa."

"Ndiye wolakwa ndine?"

Ndinayang'ana nsapato zanga. Anthu ankasowa pa nkhani zochepa kuposa imeneyi, ndipo mkazi wanga anali woyembekezera.

"Makina osalakwawo," anapitiriza, "khadi la chipani ali nalo?"

Analibe. Ndinawagulira pomwepo, ayufi n'kulimata pagalasi pa kompyutayo, pakatikati penipeni, ndipo palibe amene analimba mtima kulisuntha. A Tcheyamani anagamula kuti makinawo ankasokoneza chifukwa sanali membala. Ine anandichotsa mu ofesi n'kunditumiza kufupi ndi Muloza kukayeza masamba a tiyi pasikelo, kutali ndi chilichonse chamagetsi.

Ana anga akandifunsa, ndimawauzabe kuti pulogalamu ija inalibe cholakwa, inachita zomwe ndinaiuza. Kungoti ndisananene zimenezo, ndimayamba ndacheuka kaye.